Mzere wa Malemu Gelesomu

Nkhaniyi anandiuza ndi Esinta Chimphepo mwini wake, m'nyengo yozizira, titakhala pakhonde la mayi ake ku Chilinde tikuwotha mbaula. Tinali titangomaliza mapemphero a Lachitatu, anzathu atabalalika. Iye ankatembenuza mbatata pamakala ndi zala, osamva kutentha, ndipo mawu ake anali a munthu amene mkwiyo sunamuthere. Ine za makompyuta sindizidziwa. Pamene sindinamvetse ndinkamufunsa, iye n'kubwereza. Ndiika pano monga ananenera. Ngati pena ndapotoza, Mulungu andikhululukire, ndipo malemu asandiwerengere.

Esinta ankagwira ntchito pakampani ina yaing'ono mu Lilongwe, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya matayala. Ankapanga timabokosi tosungira mabuku ndi maphunziro, totumiza kusukulu zakumidzi kumene kulibe netiweki. Analipo anthu atatu okha: mwini kampani a Mphonde, Esinta, ndi a Gelesomu Kachiwanda. A Gelesomu ndi amene analemba gawo la pulogalamu limene limasunga mafayilo pa disiki, lija limadziwa kuti chakuti chaikidwa pakuti ndipo dzina lake ndi lakuti. Anali munthu wosathamanga. Ankalemba ndi zala ziwiri zokha, ndipo akamaliza mzere ankamenya batani lalikulu lija ngati akupha nsikidzi. A Mphonde ankawatcha a Mawa.

A Gelesomu anadwala chifuwa miyezi iwiri akubwerabe kuntchito. Anamwalira Loweruka, kusiya akazi awo, a Nasibeko, ali ndi pakati potsala pang'ono.

Lolemba thupi linali likanali m'nyumba yachisoni, abale akudikira galimoto yopita nalo ku Ntchisi. Esinta anabwera kuofesi atavala chitenje, kuti apemphe kupita nawo. A Mphonde anamukaniza. Anati pali mabokosi makumi anayi amtundu watsopano, otsika mtengo, amene akufunika kukonzedwa, ndipo munthu wogwira ntchitoyo watsala yekha. Anati maliro alira mumtima. Kenako anamupatsa ntchito zitatu: asamukire padesiki ya malemu, afufute disiki ya kompyuta yawo kuti iikidwe m'bokosi loyesera, ndipo achotse dzina la a Gelesomu pamwamba pa pulogalamu n'kulembapo la kampani. Anawonjezanso kuti pulogalamuyo ifulumire, chifukwa imayenda ngati mwini wake.

Pamenepa Esinta anasiya mbatata n'kundiyang'ana. Anati: "Ndinachita zonse, amayi. Musandione ngati wabwino. Lachiwiri, anthu akuponya dothi ku Ntchisi, ine ndinali pampando wawo ndikufufuta."

Sanangochotsa mayina a mafayilo ayi. Analemba maziro pa disiki yonse, kuyambira koyamba mpaka kothera, kawiri konse, chifukwa anali wokwiya ndipo manja ankafuna chochita. Anakwiyira a Mphonde, anakwiyiranso a Gelesomu chifukwa chomusiya yekha ndi munthu wotero.

Tsiku lomwelo, pofunafuna chimene chinkachedwetsa pulogalamu, anapeza mzere umodzi. Anandifotokozera chonchi. M'kati mwa bokosi muli ngati antchito awiri osaoneka ogwira ntchito nthawi imodzi. Woyamba amaika katundu mosungira, akamaliza n'kukweza mbendera. Wachiwiri akaona mbendera amalemba dzina la katunduyo m'kaundula, kuti aliyense wofuna atsegule. Mzere umene anaupezawo unkaimitsa woyamba uja kuti asakweze mbendera mpaka katundu atafikadi pamalo pake. Anthu a makompyuta amautcha chotchinga. Pamwamba pake a Gelesomu analembapo mawu m'Chichewa: Osachotsa. Mwana ayambe wabadwa, dzina pambuyo.

Esinta anayesa kuuchotsa pa kompyuta yakale imene ankagwiritsa ntchito masiku onse. Palibe chinalakwika. Anayesa kambirimbiri, zonse bwinobwino, ndipo liwiro linakweradi. Anaufufuta mzerewo pamodzi ndi mawu ake. A Mphonde anasangalala, anati mwaona, munthu uja ankangotichedwetsa.

Patapita masabata atatu, a Nasibeko anakwera masitepe aja. Anali atavala zakuda, akupuma movutika, dzanja lili kumsana. A Mphonde kunalibe. Mayiwo anakana mpando. Anati sanabwere kudzafunsa chifukwa chimene kuntchito sikunaoneke munthu ngakhale mmodzi pamaliro. Anabwera kudzatenga mawu a amuna awo. Malemu anawauza kuchipatala kuti masana, anzawo akapita kukadya, ankatsala yekha n'kumajambula mawu pa kompyuta, olankhula kwa mwana amene ankadziwa kuti sadzamuona. M'mawuwo anatchulamo dzina. Kunyumba anakana kulinena, ati mwana satchedwa asanatuluke m'chikuta. Anati mchombo ukadzagwa, adzapite kwa Esinta, adzawapatsa. Koma mayiwo analephera kudikira mpaka nthawiyo.

Esinta sanabise kanthu. Ananena zoona. Anati anafufuta, ndipo anatchula tsiku.

A Nasibeko sanalire. Anayang'ana mpando umene Esinta anakhalapo, anayang'ana kapu ya malemu imene inali ikanali pawindo.

"Lachiwiri," anatero. "Ife tikutsitsa bokosi."

"Anandilamula ndi abwana."

"Manja anali a ndani, achemwali?"

Kenako mayiwo ananena mawu amene anamutsata Esinta masiku onse otsatira. Anati popeza dzina limene bambo ake anasankha lafufutidwa, mwanayo amutcha okha. Kaya mwamuna kaya mkazi, adzakhala Mwafulumira. Aliyense womuitana azidzakumbutsa anthu a ofesi imeneyo zimene anachita, mpaka mwanayo adzamere imvi.

Kuti mumvetse chifukwa chimene izi zinamulasa Esinta, dziwani kuti iye dzina lake la kwawo ndi Mwandida. Anamutcha ndi azakhali ake pa mkangano umene unatha iye asanayambe kukwawa. Okanganawo anagwirizana, anadyera pamodzi, ena anamwalira, koma iye anapita nalo dzinalo kusukulu, anzake akumufunsa kuti wakuda ndani. Anati palibe mwana woyenera kusenza ndewu ya akuluakulu pamutu. Anachonderera a Nasibeko kuti asatero. Iwo anangoti, ndipatseni mawu a amuna anga, n'kutsika masitepe.

Zachilendo zinayamba sabata yomweyo.

Mabokosi atsopano atafika, Esinta anaika pulogalamu m'bokosi loyesera, lija munali disiki ya malemu. Kuyesa kwake, bokosi limalemba mafayilo zikwizikwi n'kumawawerenganso kuona ngati zimene zalembedwa ndi zimene zatuluka. M'mawa monse zinayenda bwino. Masana anapita kukagula chipisi kunsi kwa msewu. Pobwera anapeza fayilo imodzi yolakwika. Dzina lake linali lolondola, kukula kwake kolondola, koma m'kati munali zina. Anaona kuti zikufanana ndi mawu ojambulidwa. Anavala zomvetsera m'makutu.

Munali kutsokomola. Kutsokomola kuwiri, kenako kukoka mpweya kwa munthu amene akufuna kuyamba kulankhula. Basi.

Esinta anati sanaope tsiku limenelo. Anthu a ntchito yawo amadziwa kuti fayilo ikatsegulidwa katundu wake asanafike, umaona zimene zinali pamalopo kale. Anaganiza kuti kufufuta kuja kunasiya pena. Anasangalala ndithu. Anatulutsa disiki n'kuifufuza yonse, kachigawo ndi kachigawo, usiku sanagone bwino poganiza kuti m'mawa apeza mawu onse. Sanapeze kanthu. Paliponse pamene bokosi linali lisanalembepo panali maziro okhaokha, omwe aja analemba yekha.

Anabwezera disiki, nakhala pafupi kuti aone cholakwikacho chikuchitika. Anauza pulogalamu kuti izinena chilichonse chimene ikuchita. Masiku awiri athunthu, palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Anati zimenezinso amazidziwa: ukamayang'anitsitsa, antchito aja amachedwa pang'ono, ndipo kuchedwako kumabisa vuto. Anachotsa zoyang'anira zija koma iye n'kukhalabe pomwepo, maso pa sikirini. Palibe. Tsiku lachitatu anangotuluka kupita kuchimbudzi, nthawi ya 12 koloko. Pobwera, mafayilo awiri.

Mu imodzi munali mawu akuti, "Mwana wanga, ndine bambo ako." Mu inayo munali kulira kwa makina opopera matayala a pansi paja, ndi mpando ukulira monga unkalirira a Gelesomu akatsamira.

A Mphonde atamva kuti mafayilo akuwonongeka anakalipa. Za mawuwo Esinta sanawauze. Anafufuza, napezadi vuto lina: nthawi zina antchito awiri aja ankathamangira malo amodzi, aliyense akuganiza kuti ndi opanda mwini, wina n'kulemba pamwamba pa mnzake. Anaikapo loko, kuti wina akalowa mnzake adikire panja. Zolakwika za m'mawa ndi madzulo, zimene zinkatulutsa zinyalala wamba, zinatha. Koma za masana sizinathe.

Ndipo sizinathere m'bokosi mokha. Tsiku lina anamva kugogoda pachitseko, katatu. Anati lowani. Palibe analowa. Anatsegula, pakhomo panalibe munthu, koma pansi pa masitepe panali bambo wobweretsa makalata akuyamba kumene kukwera. Anakwera, anafika, anagogoda katatu pachitseko chotsegula kale, chimodzimodzi monga Esinta anamvera. Tsiku lina ketulo inalira kuti madzi awira iye asanaiyatse. Tsiku lina pokwera masitepe anazindikira kuti phazi likumveka lisanaponde. Anaima. Sitepe yotsatira inalira yokha, ngati ikumudikira.

Mlonda wa pasitolo ya matayala, a Sinoya, anamuimitsa masana ena akupita kukadya. Anamufunsa ngati alemba munthu watsopano. Esinta anati ayi. A Sinoya anati ndiye ndani amatseka windo lapamwamba mukangotuluka, chifukwa malemu ndi amene ankatero, phokoso la pansi pano likawasokoneza. Atanena zimenezo anachotsa chipewa.

Apa ndinamufunsa Esinta ngati sanaganize zosiya ntchito kapena kuitana abusa. Anaseka, koma si kuseka kwabwino. Anati mantha analipo, koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha. Tsiku lililonse ankapeza kachidutswa kamodzi kapena tiwiri. Anatilumikiza motsatana. Malemu ankauza mwana wawo za mudzi wa kwawo, za mtengo wa masuku umene uli kuseri kwa tchalitchi, za mayi ake kuti ndi munthu waukali koma asadzawaope. Zidutswa zinafika khumi ndi chimodzi. Chomaliza chinali chakuti, "Tsono dzina lako, ine ndaganiza kuti," n'kuduka.

Mawa lake kunabwera chomwecho. Mkuja wake chomwechonso, kuduka pamalo omwewo.

Lachisanu sabata imeneyo a Nasibeko anabereka mwana wamkazi. Esinta anamva kwa mnzake wa ku Kawale, kumene mayiwo ankakhala. Lolemba masana anabwerera kuofesi n'kupeza chidutswa chomwe chija kachisanu. Anatseka chitseko n'kuyamba kulikalipira bokosi.

"A Gelesomu, mwana wabadwa. Mukudikiranso chiyani? Moyo wanu wonse kuchedwa, ndi kumanda komwe? Ndinalakwa, ndavomera. Koma wolangidwa akhale ine, osati khanda."

Anati atangotseka pakamwa anamva kapu ikusweka. Anatembenuka. Kapu ya malemu inali pawindo, yathunthu. Anaiyang'ana kwa nthawi. Kenako, popanda mphepo, popanda woikhudza, inapendekeka pang'onopang'ono n'kugwa pansi. Inasweka mwakachetechete. Phokoso lake linali litamveka kale.

Akutola zidutswa za kapuyo ndi pamene anakumbukira mzere uja. Anapita kukawerenga za mabokosi atsopanowo, napeza chimene a Gelesomu ankachidziwa kale. Makina akale ankasunga dongosolo okha: chimene chalembedwa poyamba chimaonekanso poyamba. Atsopanowa ayi. Pofuna liwiro amatha kuonetsa chachiwiri choyamba chisanafike, pokhapokha utawaletsa. Mbendera inkakwera katundu akanali m'njira, ndipo dzina linkalembedwa pa chinthu chimene kulibe. Mankhwala ake anali mzere umodzi, womwe uja anaufufuta tsiku la maliro.

Koma anaonanso china. Akaubwezera, khomo limene mawu ankadzera litsekeka.

Anaubwezera m'mabokosi makumi atatu ndi asanu ndi anayi, chifukwa sakanatumizira ana asukulu zinthu zowonongeka. Onse anayenda bwino, masana ndi m'mawa womwe. Loyesera lija, la makumi anayi, analisiya momwe linalili.

Lachinayi a Mphonde anatulukira. Anayang'ana mbiri ya pulogalamu, naona kuti amene anachotsa mzere ndi Esinta, ndiponso kuti bokosi limodzi walisiya dala. Anamunena kuti wawononga masabata awiri a kampani ndi ulesi wake, ndipo tsopano akuwonjezapo zamatsenga. Esinta anawapatsa zomvetsera. Anamvera pang'ono chabe n'kuzivula msanga ngati zatentha. Anati ndi zotsalira za pa disiki, aliyense wophunzira akudziwa. Esinta anawaonetsa maziro. Iwo anati alibe nthawi. Galimoto ibwera mawa 1 koloko kudzatenga mabokosi makumi anayi, osati makumi atatu ndi asanu ndi anayi, ndipo ngati iye sakonza, akonza okha, iyeyo n'kuona msewu.

"Munawatcha a Mawa," anatero Esinta. "Lero mabokosi anu onse aima pamzere wa a Mawa. Dzina lawo munachotsa, thupi lisanazizire. Ngakhale nkhata ya maluwa simunatumize."

"Iwe ndiwe amene unafufuta."

"Inde. Ndipo ine ndikudziwa. Inu simukudziwa kanthu."

Lachisanu m'mawa a Nasibeko anaimba foni. Anati mchombo wagwa. Azimayi abwera masana kudzatulutsa mwana m'chikuta, ndipo 2 koloko ikakwana amutcha. Sanadikire yankho.

Esinta anayatsa bokosi n'kuyamba kuyesa. Itatsala pang'ono 12 koloko ananyamuka kuti atuluke monga mwa masiku onse, koma pakhomo anakumana ndi a Mphonde atanyamula katoni yopanda kanthu. Anati galimoto yafulumira, ili kale panjira. Esinta anaima pakati pa iwo ndi desiki. Anawapempha ola limodzi. Anakana. Anamukankhira pambali n'kutambasula dzanja kuti azule chingwe cha magetsi.

Dzanja lisanafike, windo linatsekeka kumbuyo kwawo.

Phokoso la pansi linazimiririka. M'chipinda munangotsala kamphepo ka bokosi lija, ndipo Esinta akuti kankamveka ngati munthu wopuma ndi chifuwa chodwala. Dzanja la a Mphonde linaima m'malere. Anafuna kucheuka.

"Musayang'ane," anatero Esinta. "Sabwera tikamayang'ana. Tembenukirani kukhoma."

Esinta sakudziwa chifukwa chimene a Mphonde anamumvera. Anaima onse awiri moyang'ana khoma, desiki ili kumbuyo kwawo, ngati ana olakwa m'kalasi. Panapita nthawi. Kenako mpando unalira.

Palibe china chinachitika. Mpando unalira kamodzi, n'kukhala chete, chete wa munthu amene wakhala pansi ndipo akukuyang'ana kumsana. Esinta anamva thukuta la a Mphonde. Anawanong'oneza kuti malemu akudikira iwo.

A Mphonde anayamba ndi mawu a kuofesi, akuti ngati panali kusamvetsetsana kulikonse. Mpando unaliranso, mwamphamvu. Anasiya. Atayambanso, mawu awo anali ena, a kumudzi kwawo, amene Esinta anali asanawamvepo. Anati: "Achimwene, ndinakulakwirani. Ndinagawa zanu musanaikidwe. Sindinabwere kudzakuperekezani. Dzina lanu ndibwezera lero lomwe, ndipo ku Ntchisi ndipita ndikaone pamene munagona." Esinta naye ananena zake. Sanandiuze zimene ananena, ndipo sindinamufunse.

Ndiye anamva mabatani. Zala ziwiri, pang'onopang'ono, kufunafuna chilembo chilichonse. Anati sanamvepo chinthu chochedwa chotero. Kunja galimoto inafika n'kuyamba kuliza hutala, koma palibe anasuntha. Zala zija zinapitiriza, osafulumira ngakhale pang'ono. Pomaliza batani lalikulu linamenyedwa kamodzi, mwamphamvu.

Windo linatseguka. Phokoso la matayala linabwerera.

Pampando panalibe munthu. Pa sikirini panali fayilo imodzi yatsopano, osati chidutswa, koma yathunthu, ya mphindi zisanu ndi zinayi. Esinta anatsegula pulogalamu ya m'bokosilo. Chotchinga chinali pamalo pake, ndi mawu ake aja pamwamba. Iye sanachibwezere, ndipo a Mphonde anali asanakhudze kiyibodi. Anati chimene chimamusowetsa tulo mpaka lero n'chakuti mzerewo uli pamenepo, panalibenso njira yoti zakale zitulukire. Fayiloyo sinadzere pa cholakwika.

Sanaimvere. Anati sinali yake. Anaiika mufoni, anatsika masitepe, ndipo phazi lililonse linamveka pa nthawi yake. Anakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka ku Kawale, akumukalipira woyendetsa njira yonse. Anapeza azimayi atakhala pamphasa pabwalo, mwana atamusambitsa kale, ali m'manja mwa mayi ake. Sanapereke moni. Anagwada n'kupereka foni.

A Nasibeko anaiika pakhutu. Anamvera mphindi zonse zisanu ndi zinayi, anthu ali chete, nkhope yawo osasintha. Pena anatseka maso. Itatha anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa kuti bambo ake akuti ndi Tiyamike. Azimayi analulutira, ena analira.

Esinta anadikira, akanali chogwada. Anandiuza kuti mumtima ankayembekezera kamawu kena, kaya zikomo, kaya dzukani. A Nasibeko anamubwezera foni.

"Mwachita bwino," anatero. "Koma kumaliro simunabwere. Chimenecho sichifufutika." Kenako anakonza nsalu ya mwana n'kuwonjeza kuti: "Dzina lina lija ndinalikonza kale, silingatayike. Kawapatseni abwana anu."

Esinta anakawapatsadi, pamaso pa a Sinoya ndi onse a pasitolo ya matayala. Mwezi womwewo anasiya ntchito. A Mphonde anabwezera dzina la malemu pa pulogalamu, ndipo akuti ku Ntchisi anapita. Koma mumsewu umenewo palibenso amene amawatchula Mphonde. Ogulitsa chipisi, akabaza, ngakhale obweretsa makalata, onse amati a Mwafulumira, ndipo iwo amayankha.

Mbatata zinali zitapserera pamene Esinta anamaliza. Ndinamupempha kuti tipempherere malemu, mwana, ndi mayi ake. Anavomera. Nditati tiwapempherere a Mphonde, iye anayamba kukanda makala ndi kamtengo.

"Apempherereni inu, amayi," anatero. "Ine sindinafikepo. Zinthu zili ndi dongosolo lake."

Ndinawapempherera ndekha, iye akumvetsera. Ameni sananene.